Msasa wa achinyamata ku Dómuè: ndapereka nyenyezi 4, yachisanu inapita ndi envelopu

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe ndemanga iyi. Mwana akangochoka ku msasa amayaka ngati mapesi, nyimbo pakamwa, vesi pakamwa, ndipo ukalemba sabata yomweyo umangoyamikira lawi. Ine ndimafuna ndione ngati patsala makala. Pano tili mu Epulo, chimanga chauma m'minda, ndiye ndinene zomwe ndaona.

Ndimakhala ku Vila Ulónguè kuno ku Mozambique, ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika. Amene ndinamutumiza ndi mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 15. Msasawo unakonzedwa ndi mipingo ingapo ya kuno ku Angónia, ndipo unachitikira pasukulu ina cha ku Dómuè kwa masiku 6, m'Januwale, pa tchuthi chachikulu. Tinalipira 1200 meticais pa M-Pesa, kuwonjezapo theka la ndowa ya ufa ndi mbale zitatu za nyemba. Kwa ine si ndalama yotola pansi, ndiye ndili ndi ufulu wolankhula.

Mutu wa sabata yonse unachokera pa Genesis 12, pamene Mulungu akuuza Abramu kuti adzamudalitsa, nayenso akhale mdalitso. Nditamva ndinangoti eya, izi timazimva Lamulungu lililonse. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anaziphunzitsira. Ana ankadzuka 5 koloko, aliyense payekha ndi Baibulo kwa kanthawi, osalankhula ndi mnzake. Akamwa phala ankagawidwa m'magulu a anthu 10, gulu lililonse ndi mlangizi wake. Masiku awiri oyamba anakhala pa Yohane 15, za mpesa ndi nthambi zake. Mlangizi wa mwana wanga, poti ana athu ambiri mpesa sanauonepo, anawatengera pa mtengo wa pichesi kuseri kwa kalasi, n'kuthyola kanthambi, n'kukapachika pazenera. Tsiku lililonse ankakayang'ana mmene kakufotera. Mwana wanga akuti palibe anachita kufotokozeredwanso tanthauzo lake.

Kope lake ndaliwerenga, iye atandilola. Ndi lonyowa m'mphepete (za kunyowako ndinena pansipa), lolembedwa mosakaniza Chichewa ndi Chipwitikizi monga amalankhulira ana a masiku ano. Tsamba lililonse lili ndi mafunso awiri okha: ndalandira chiyani, ndipo ndani pafupi nane akuchisowa? Pa tsamba la Lachinayi analemba kuti: "Ndili ndi manja awiri ndi mphamvu. Agogo a kuseri kwathu alibe wowatungira madzi." Zaka zonsezi ndakhala ndikumutuma kwa agogo amenewa iye akuchita kukoka miyendo.

Masana a Lachinayi ndi Lachisanu sanakhale m'kalasi. Anapatsidwa makasu n'kulowa m'midzi yozungulira, atapempha kaye kwa amfumu, kukapalira minda ya nkhalamba ndi amayi amasiye, ena kukonza madenga othonya. Vesi lake linali Yakobo 1:27. Anabwera kunyumba ndi matuza m'manja, n'kumandionetsa ngati mendulo.

Koma phunziro limene lalowa mpaka m'bizinesi yanga ndi la Levitiko 19:9-10, lamulo loti pokolola usamalize m'mphepete mwa munda, usiyire osauka ndi alendo adzakunkhe. Analiphunzira pamodzi ndi nkhani ya Rute m'munda wa Boazi. Loweruka lina m'Febuluwale anabwera kudzandithandiza pamsika. Ndikuona mwana akusankha timbatatesi ting'onoting'ono tija timatsalira pansi pa thumba, n'kumatiika m'kabeseni pansi pa benchi.

"Iwe, ukuchita chiyani? Timeneto ndi ndalamanso, ndimaunjika pa 10."

"Amayi, ife munda wathu ndi benchi ino. Apa ndiye m'mphepete mwake."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Phindu la mbatatesi limakhala pa tinthu tating'ono tomweto, makamaka nthawi imene ogula ochokera ku Tete akuvuta pa mtengo. Tinakangana mpaka tinagwirizana kuti kabeseni kamodzi pa sabata, osapitirira. Kabeseniko kamapita kwa agogo aja ndi kwa mayi wina amene akulera zidzukulu zinayi. Mpaka lero sanaphonye Loweruka ngakhale limodzi, ndipo madzi a agogo amatunga asanapite kusukulu. Si kuti wasanduka mngelo. Ndi mlongo wake amakanganabe za foni, ndipo mbale amatsuka akafuna.

Tsopano zodandaula, poti ndemanga ya zabwino zokhazokha ndi yabodza.

Chachikulu ndi usiku womaliza. Anaitana mlaliki wa kwina, amene sanakhale nawo sabata yonseyo. Iyeyu anagawa maenvelopu kwa ana, n'kunena kuti aliyense afese mbewu kuti akhoze mayeso ndi kutsegula makomo. Tangoganizani, masiku asanu ana akuphunzitsidwa kuti mdalitso umadutsa mwa iwe kupita kwa mnzako, kenako usiku umodzi munthu akuwauza kuti Mulungu ali ngati wa katapila, ukamupatsa 100 akubwezera 1000. Mwana wanga anaikamo 150 meticais yomwe ndinamupatsa ya ulendo wobwerera. Kukanapanda mlangizi wake kumulipirira pa chapa (minibasi), sindikudziwa akanafika bwanji. Ndinakawaona abusa athu za nkhaniyi. Anandilandira bwino, anavomera kuti zinawadutsa, ndipo ndalama ya mlangiziyo ndinabweza ndekha. Koma ana a zaka 13, 14 sapemphedwa ndalama usiku, magetsi atazimitsidwa, ng'oma zikulira, makolo awo ali kutali. Nyenyezi yachisanu inathera pamenepo.

Chachiwiri ndi pogona. Atsikana 40 m'kalasi imodzi, pa mphasa, denga lothonya pakona, ndiye kope lija kunyowa. Kalata yomwe anatitumizira inati tibweretse bulangeti, mbale ndi Baibulo, koma za neti sinatchule, chonsecho ndi nthawi ya dzinja. Ku Dómuè kumazizira usiku ngakhale m'Januwale, koma udzudzu sufunsa zimenezo. Mnzake wa mwana wanga anabwerako ndi malungo. Chakudya chinali chokwanira, nsima ndi nyemba kapena kabichi, nyama kamodzi. Pamenepo sindidandaula, kwathu timadya zomwezo.

Mafoni anawalanda tsiku loyamba, ndipo ine ndinaomba m'manja. Vuto ndi loti nambala imodzi yomwe anapatsa makolo sinkapezeka. Ndinaimba masiku atatu osalowa. Akanaika ziwiri, ina ya Movitel ina ya Vodacom, poti kumapiri kuja netiweki imasankha malo.

Pa chilankhulo ndili pakati. Maphunziro a m'magulu anali m'Chichewa, koma a onse pamodzi ena anali m'Chipwitikizi popanda womasulira, ndipo ana ochokera kumidzi ya ku Tsangano ndi Macanga ena ankangoyang'ana. Mbali inayo, ana a m'tauni ngati wangayu kusukulu amawerenga Chipwitikizi, ndiye atapatsidwa Buku Lopatulika, lomwe Chinyanja chake ndi cha 1922, ankapunthwa pa mawu. Mlangizi wawo anachita zanzeru: ankawerengetsa vesi m'zilankhulo zonse ziwiri, kenako n'kufunsa mwana kuti alinene mmene angawauzire agogo ake. Akanatero m'magulu onse bwenzi zili bwino kwambiri.

Ndipo nthawi yake. Ndikudziwa kuti tchuthi chachitali ndi chomwechi, koma Januwale kuno ndi mwezi wa khasu. Makolo angapo a kumpingo kwathu sanatumize ana chifukwa kuchotsa munthu mmodzi m'munda masiku 6 nthawi yopalira ndi kubandira n'kutaya chimanga. Sabata ya pakati pa Disembala, sukulu zitangotseka, ikanawakomera ambiri.

Kodi ndingatumizenso mwana? Eya. Chaka chamawa mlongo wake akwana zaka 13 ndipo wayamba kale kundivutitsa. Ndidzamupatsa neti, pepala la pulasitiki loyala pansi pa mphasa ndi tochi. Ndalama ya ulendo wobwerera ndidzaipereka m'manja mwa mlangizi, osati m'thumba la mwana, ndipo ndisanalipire ndidzafunsa kaye kuti usiku womaliza adzalalikira ndani.