Ndege ya Malawi Airlines kuchokera ku Chileka kupita ku Johannesburg

Kwa zaka zambiri ulendo wa ku Joni ndinauzolowera pa basi, kudutsa pa Mwanza, mlatho wa ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, ndipo aliyense amene anayendapo njira imeneyi amadziwa kuti munthu amagona m'basi, amatsika pa malire atatu kukadinditsa pasipoti, nakafika miyendo itatupa. Chaka chino ndinafunika kuperekeza mayi anga, omwe ndi okalamba, kukaona adzukulu awo, choncho ndinagula matikiti a Malawi Airlines, kampani imene boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Kampani ya Malawi Airlines inayamba kuulutsa ndege zake mu 2014.

Kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kukafika pa bwalo la O. R. Tambo pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,350 ngati munthu alunjika osakhota, ndipo ndege yathu inauyenda m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti nthawi yolembedwa pa tikiti inafanana ndi imene tinaona pa wotchi, ndipo popeza Malawi ndi South Africa amayendera nthawi imodzi, sipanafunike kusintha wotchi kapena kuwerengera maola owonjezera pouza abale nthawi yodzatichingamira. Titanyamuka, mayi anakhala chakuzenera, ndipo sipanapite nthawi yaitali ndinawalozera mtsinje wa Zambezi ukung'anima pansi ngati ulusi. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mwananga, madzi onse aja ndi amenewa?" Pa basi, pofika pa mtsinje umenewu munthu amakhala atadutsa kale malire oyamba ndipo ulendo umakhala utangoyamba kumene.

Ogwira ntchito m'ndege analankhula ndi mayi m'Chichewa, anawathandiza kumanga lamba, ndipo anawapatsa chakudya ndi chakumwa mwaulemu. Kwa munthu wachikulire amene sanakwerepo ndege, kumva chinenero chake m'mlengalenga kumachotsa mantha ambiri, ndipo pa chifukwa chimenechi ndikuiyamikira kampaniyi ndi mtima wonse.

Komabe wofuna kuyenda asadzinamize kuti ulendo wonse ndi wa maola awiri okha. Pa ulendo wopita kunja kwa dziko munthu ayenera kufika pa bwalo la ndege kukadali maola awiri kapena atatu, ndipo Chileka ili kunja kwa mzinda wa Blantyre. Ku O. R. Tambo, limene ndi bwalo lalikulu kwambiri, pali kudinditsa pasipoti, kudikira katundu ndi kuyenda mtunda wautali wapansi, kenako galimoto kapena sitima ya Gautrain yolowera mu mzinda. Ife tinachoka pakhomo m'mawa ndipo tinadya nsima ya madzulo kwa mlongo wanga, dzuwa lisanalowe.

Mtengo wa tikiti ndi wokwera kuposa wa basi, ndipo katundu amamuyeza pa sikelo, kotero amalonda obwera ndi zikwama zambiri adzapitirizabe kudalira msewu. Koma pobwerera mayi anakana kumva za basi, ndipo ine sindinawatsutse.