WES imaunika bwino mapepala a sukulu, koma funsani kaye musanalipire

Munthu wa mu ofesi yolemba ophunzira ku Toronto kapena ku Chicago akalandira satifiketi ya yunivesite yomwe sanaimvepo, sangadziwe ngati pepalalo ndi lenileni, ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, kapena ngati 65 peresenti ndi kukhoza bwino kapena kungopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Ntchito ya World Education Services, yomwe ambiri amangoti WES, ndi kuyankha mafunso amenewa. Bungweli linayamba mu 1974, silopanga phindu, ndipo lili ndi maofesi ku New York ndi ku Toronto. Limaunika mapepala a sukulu a kunja n'kulemba lipoti lonena kuti maphunzirowo akufanana ndi ati ku United States kapena ku Canada.

Ntchitoyi amaigwira mosamala, ndipo lipoti lawo limalandiridwa ndi masukulu ndi mabungwe ambiri. Komabe anthu ambiri amataya ndalama zawo asanafike n'komwe pounikidwa, chifukwa chogula lipoti lolakwika.

Malipoti alipo amitundu ingapo. La document-by-document limangonena kuti dipuloma kapena digiri yanu ikufanana ndi iti, ndipo nthawi zambiri limakwanira pofunsira ntchito. La course-by-course limalemba phunziro lililonse palokha, makirediti ake, ndi magiredi atasinthidwa kukhala GPA (avereji ya magiredi onse) ya pa 4.0. Limeneli ndi lomwe masukulu ambiri amafuna kwa ofunsira masters kapena ofuna kupitiriza digiri yomwe anaisiyira panjira. Lachitatu ndi ECA, la ofuna kusamukira ku Canada kudzera mu Express Entry, njira ya boma la Canada yosankhira olowa m'dzikolo powapatsa mapointi. Limagwira ntchito zaka 5, ndipo mtengo wake umapitirira madola 200 a ku Canada, msonkho ndi zotumizira zili pambali. Lipoti lopangira sukulu simungalipereke ku IRCC, nthambi ya boma la Canada yoona zolowa ndi kutuluka, m'malo mwa ECA. Pa ECA nthawi zambiri pamangofunika pepala lanu lapamwamba kwambiri, pokhapokha mukufuna mapointi a mapepala awiri. Pamenepo onse awiri aunikidwe.

Kulembetsa kwake n'kosavuta: mumatsegula akaunti pa intaneti, kusankha dziko ndi sukulu yomwe munaphunzira, kulipira, kenako amakupatsani nambala ya fayilo yanu. Webusaiti yawo imakuonetsani mapepala ofunika malinga ndi dziko. Muwerenge mndandandawo musanalipire, chifukwa ndalama zikalowa kubweza kwake n'kovuta.

Pomwe pagona nkhani ndi pa envelopu. WES siikhulupirira transcript (chikalata cha magiredi anu onse) yodutsa m'manja mwa mwini wake ili yotsegula. Imafuna kuti sukulu itumize yokha, kaya pa intaneti kudzera m'njira yomwe WES inavomereza, kaya mu envelopu ya sukuluyo yomata, yokhala ndi chidindo kapena siginecha ya mkulu woyenera yodutsa pomatira penipeni, theka pa kachivindikiro, theka pa envelopu. Chidindo chikakhala kutsogolo kokha, kapena envelopu ikaoneka kuti inatsegulidwa n'kumatidwanso ndi selotepi, amaikana, ndipo mumayambiranso kukapempha ina. Nambala ya fayilo ilembedwe pa envelopu ndi pa fomu yopita nayo limodzi. Yopanda nambala imafika ndithu, koma imatha kukhala masiku isanalumikizidwe ndi mwini wake, inu mukuona pa akaunti kuti akudikirabe mapepala.

Zina zokanitsa ndi zing'onozing'ono koma zimadya masabata. Dzina la pa pasipoti likasiyana ndi la pa digiri, monga zimachitikira amayi omwe anasintha dzina atakwatiwa, pamafunika umboni wa kusinthako. Transcript yosowa magiredi a chaka chimodzi, kapena yosainidwa ndi mkulu wa dipatimenti pomwe amafuna registrar, imabwezedwa. Mapepala a chilankhulo china amafuna kumasulira kwa liwu ndi liwu, ndipo WES siimasulira. Ku Canada a Chifalansa amalandiridwa momwe alili. Satifiketi yanu yeniyeni musatumize pokhapokha aitanitsa okha, poti zomwe zafika kumeneko sizibwerera.

Za nthawi, masiku omwe amalonjeza amayamba kuwerengedwa mapepala onse atafika, ataunikidwa n'kulandiridwa, osati tsiku lolipira. Nthawi zina amalembera sukulu yanu kuti itsimikize, ndipo ngati ku ofesi ya registrar kalatayo yangokhala mu thireyi, fayilo imaima. Apa WES ilibe chochita, mwini wake ndiye ayenera kulondola. Chodandaulitsa n'chakuti mauthenga a pa akaunti amakhala aafupi, moti munthu amavutika kudziwa chomwe chalakwika kwenikweni. Amene ali ndi tsiku lotsekera kufunsira malo ayambe kudakali miyezi itatu kapena inayi.

Zotsatira sizisangalatsa aliyense. Digiri ya zaka zitatu siifanizidwa nthawi zonse ndi ya zaka zinayi ya ku United States. Sukulu ikakhala yosavomerezedwa ndi boma la dziko lake, lipoti limanena zimenezo mosapsatira, ngakhale munakhoza bwanji. Ndipo akapeza pepala lachinyengo, lipoti satulutsa, ndalama sabweza, komanso amadziwitsa omwe amayenera kulandira lipotilo. Ma ejenti olonjeza "kukonza" magiredi muwathawe. Pa webusaiti pali zida zaulere zoyerekezera digiri ndi GPA. Si lipoti, koma zimathandiza kuona ngati kulipira kuli ndi phindu.

Kwa othawa kwawo, lamulo la envelopu ndi khoma lenileni. Yunivesite yophulitsidwa siitumiza transcript, ndipo munthu wothawa boma sangalembere sukulu ya boma lomwelo kuiuza komwe ali. Pa chifukwa ichi WES inayambitsa Gateway Program, itayesa kaye mu 2016 ndi othawa ku Syria omwe anafika ku Canada. M'ndondomekoyi amalandira zomwe munthu wapulumuka nazo, ngakhale fotokope kapena mapepala osakwanira, n'kuzifananiza ndi zomwe bungweli lasunga zokhudza sukulu imeneyo. Ndi gawo loyamikika kwambiri pa ntchito yawo yonse. Vuto lake ndi kuchepa kwa khomo: imathandiza omwe anaphunzira m'mayiko owerengeka, monga Afghanistan, Eritrea, Iraq, Syria, Ukraine ndi Venezuela, ndipo munthu amalowa potumizidwa ndi bungwe lomwe likugwira ntchito ndi WES. Ku Ulaya kuli njira ina, European Qualifications Passport for Refugees, yomwe Council of Europe inayambitsa mu 2017. Iyo imadalira mapepala omwe alipo pamodzi ndi kucheza ndi akatswiri ounika.

Lipoti la WES si chiphaso chogwirira ntchito, ndipo limangolangiza. Sukulu kapena bwana ndiye amagamula. Dokotala wofuna ECA ya digiri yake ya udokotala amapita ku Medical Council of Canada, wa ku famase (pharmacist) wofuna laisensi ku Pharmacy Examining Board of Canada, pomwe madokotala opita ku United States amadutsa ku ECFMG. Ku United Kingdom ntchito yofananiza mapepala ili m'manja mwa UK ENIC, ku Germany kuli ZAB. Ngakhale ku Canada komweko WES si yokha: IQAS, ICAS, ICES ndi Comparative Education Service ya University of Toronto amatulutsanso ECA, ndipo ku United States masukulu ambiri amalandira lipoti la bungwe lililonse lomwe lili mu NACES, mgwirizano wa mabungwe ounika mapepala a sukulu, pomwe ena amaunika okha.

Choncho musanatsegule akaunti, lemberani sukulu kapena bungwe lomwe lidzalandire lipotilo, mufunse zinthu zitatu: ngati amalandira la WES, mtundu wa lipoti lomwe akufuna, ndi ngati liyenera kuchokera ku WES mwachindunji. Amene adzafunsira malo angapo aganizire za ICAP, yomwe imakwererako mtengo koma imasunga transcript yotsimikizidwa n'kuitumiza limodzi ndi lipoti, kuti asabwererenso kwa registrar kukapempha envelopu ina pa sukulu iliyonse yatsopano.