Pulojekita ya gulu: kakang'ono katsopano kapena yakaunjika ya mu ofesi?

Gulu lathu la banki m'khonde limakumana Loweruka masana m'kalasi ina chakufupi ndi Kamuzu Road, kuno ku Salima. Tilipo anthu 30, ndipo tidatopa n'kuunjikana pa laputopu imodzi ngati ntchentche pa bango lakupsa mlembi akamaonetsa masamu a ndalama. Titasonkherana zogulira pulojekita, adandituma ine kukafufuza. Ndidabwereka mitundu iwiri kwa anzanga n'kuiyesa pakhoma lomwelo, nthawi yomweyo.

Woyamba ndi timapulojekita ting'onoting'ono ta LED, tija tadzaza m'mashopu a zamagetsi ku Lilongwe ndi pa Facebook. Wachiwiri ndi mapulojekita akuluakulu a babu omwe adagwirapo kale ntchito m'maofesi, monga a Epson, BenQ kapena ViewSonic. Pa mtengo, kakang'ono katsopano ndi yaikulu yakaunjika sizitalikirana kwenikweni, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka.

Nkhani yonse yagona pa kuwala. Pabokosi la kakang'ono pamalembedwa malumeni (muyezo wa kuwala) masauzande, koma muyezo wokhulupirika ndi wotchedwa ANSI, ndipo pa muyezo umenewo tambiri timathera pa 100, 200 kapena 300 basi. Ya mu ofesi imakhala ya ANSI pafupifupi 3,000. Kusiyana kwake ndidakuona ndi maso. Cha m'ma 2 koloko masana, mawindo opanda makatani, kakang'ono kadatulutsa chithunzi chotuwa ngati chitenje chochapidwa zaka zisanu. Tidapachika zitenje m'mawindo onse, chithunzi chidayamba kuonekako, koma ndi malata aja komanso dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno, amayi ena adayamba kutuluka kukapuma pansi pa mtengo. Yaikulu ija sidafune chitenje n'chimodzi chomwe. Dziwaninso kuti mukabweza pulojekita m'mbuyo kuti chithunzi chikule kawiri m'lifupi, kuwala kumachepa kanayi. Kakang'ono kameneka ukakakakamiza kudzaza khoma, palibe chimene umaona.

Palinso msampha wina pa zilembo. Bokosi likati 1080p (chithunzi chopangidwa ndi timadontho tochuluka, chooneka bwino kwambiri), nthawi zambiri likungotanthauza kuti kamalandira kanema wa mtundu umenewo, osati kuti kamaonetsa choncho. Tambiri timaonetsa chithunzi cha timadontho 800 x 480 basi. Pa mpira kapena kanema wa kwaya simungadandaule. Koma ikanipo tebulo la Excel la masheya ndi ngongole: 3 ndi 8 amafanana, ndipo pa nkhani ya ndalama imeneyo ndi ndewu. Kamene ndidabwerekako, ukawongola pakati, m'mphepete mumachita chimbuuzi. Ya mu ofesi ya 1024 x 768 kapena 1280 x 800 imawerengeka mpaka benchi lakumbuyo.

Tsono magetsi akazima zinthu zimatembenuka. Ya babu imadya mawati 250 mpaka 300, pamene kakang'ono kamadya 50 kapena 70. Batire la sola la 12V 100Ah, poti silifuna kulimaliza kupitirira theka, lingayendetse yaikulu maola awiri okha mwina osakwana, koma kakang'ono kangafike maola 8. Babu lija limatenthanso kwambiri, ndipo ukazimitsa fani imapitiriza kuzungulira kuti lizizire. Magetsi akangothima mwadzidzidzi kapena jenereta ikatha mafuta, kuziziritsako sikuchitika, ndipo zikamachitika kawirikawiri babu silikhalitsa. Moyo wake ndi maola 3,000 mpaka 6,000 kutengera mtundu, ndipo latsopano muyenera kuyitanitsa; musayembekeze kulipeza pamsika wa pa boma pano. LED amati imafika maola 20,000 kapena kuposa, ngakhale kuti pa totchipati chimayamba kufa si LED ayi, ndi kagalasi kam'kati komwe kamapsa n'kuika banga lofiirira pakati pa chithunzi.

Anzathu a ku Senga Bay, Lifuwu kapena Chipoka amene mumaonetsa usiku panja, nkhungu zikatuluka m'nyanja zimathamangira kuwala, ndipo fani imazikokera m'kati pamodzi ndi fumbi. Ma Epson ali ndi sefa yotulutsa n'kupukuta. Tating'ono tambiri fumbi likalowa limakhala timadontho takuda pachithunzi mpaka kalekale.

Ya kaunjika musagule mwachimbulimbuli. Muuzeni wogulitsa ayiyatse, mulowe m'menyu muone maola amene babu layaka, kenaka muisiye mphindi 20 kuti muone ngati siizima yokha ikatentha. Onetsani tsamba loyera lopanda kanthu: mabanga achikasu kapena timadontho toyera tosasuntha zikaoneka, bwererani. Yang'ananinso kumbuyo. Zakale zina zili ndi polumikizira chingwe pa mtundu wa VGA pokha, pamene malaputopu a masiku ano ali ndi pa mtundu wa HDMI, ndiye mufunika kachingwe kosinthira, komanso VGA sinyamula mawu. Za mawu ndisataye nthawi: sipika ya mitundu yonse iwiri ndi yongolira ngati udzudzu, bwerekani ya kutchalitchi.

Msungichuma wathu, bambo wachikulire wosakonda zamakono, adafunsa kuti, “Nanga bwanji osangogula TV, ana inu?” Tidaseka, koma funsolo ndi lanzeru. TV ya mainchesi 43 siopa dzuwa, imadya magetsi ochepa, ilibe babu loti lipse, ndipo pa gulu la anthu 10 kapena 12 ndingasankhe imeneyo. Vuto ndi kuinyamula pa kabaza sabata iliyonse, ndiponso wa benchi lachisanu saona manambala.

Ife tidagula ya mu ofesi, yakaunjika, chifukwa timakumana masana ndipo timawerenga manambala. Magetsi akapita, mlembi amabwerera pa bolodi ndi choko monga kale. Achinyamata a kumpingo kwathu, amene amaonera makanema madzulo pa sola, ndidawauza kuti atenge kakang'ono, koma asakatalikitse ndi khoma. Sikilini sitidagule, khomalo tidangolipaka layimu.