Ndemanga ya kabuku ka chombo chogwidwa m'madzi oundana

Kabuku kamene ndikukamba pano ndi ka anthu okonda masewero a nthano a patebulo, aja amene mmodzi amatsogolera nkhani, ena n'kumasewera ngati anthu a m'nkhanimo, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chimene munthu wafuna kuchita chatheka kapena chakanika. Kanalembedwa ndi aphunzitsi ena a kuno ku Chipata, ndipo amakagulitsa pamodzi ndi mapu aakulu a chombo, makadi a anthu a m'chombomo, ndi kathumba ka nyemba zouma. Malamulo ake ndi otsamira pa Dungeons & Dragons, masewero amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, choncho amene ali kale ndi dayisi ya mbali 20 ndi anzake safunika kugula china. Nkhani yonse imachitikira pa chombo chimodzi cha matanga chimene chapanikizika m'madzi oundana kumpoto kwenikweni kwa dziko longopeka, dzuwa litatsala pang'ono kulowa kwa miyezi ingapo osatulukanso.

Vuto limene alembi anali nalo ndi lodziwikiratu. Ife kuno kuzizira kumene timadziwa ndi kwa mu June ndi July, kumene munthu amakuthetsa ndi juzi ndi mbaula, ndipo ambiri amene tinakhala nawo patebulo chombo chachikulu chimene anachionapo ndi Ilala pa nyanja ya Malawi. Wotsogolera masewero akhoza kufotokoza kuzizira mpaka kukhosi kuuma, osewera n'kumangogwedeza mutu osamva kanthu mumtima. Alembi a kabukuka anazindikira zimenezi, ndipo m'malo mochulutsa mawu anasandutsa kuzizira kukhala chinthu chowerengeka. Nyemba zija zimathiridwa m'mbale pakati pa tebulo, ndipo iliyonse imaimira thumba la malasha. Chipinda chilichonse chimene osewera akufuna kuti chikhale chofunda usiku umenewo chimadya nyemba imodzi, khitchini imadya ziwiri chifukwa ngakhale madzi akumwa ayenera kusungunulidwa pamoto, ndipo nyemba ikachoka m'mbale sibweranso. Ndinaona mayi wina amene kumayambiriro ankangoseka akutambasula dzanja kutseka mbale ija pamene mnzake amafuna kutengamo nyemba yofunditsira chipinda cha odwala, ndipo anakangana kwa nthawi ndithu ngati n'koyenera kuwasamutsa odwalawo kukagona pamodzi ndi amoyo, podziwa kuti matenda akhoza kufala. Aliyense amene anayang'anapo m'nkhokwe mu February, n'kuwerenga mumtima masabata otsala kuti chimanga chatsopano chiche, amamva msanga kulemera kwa mbale imeneyo. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya kabuku konse, ndipo pa chinthu chimodzi chokhachi ndalama yanga sindinaidandaule.

Chinanso chimene ndinayamikira ndi chakuti alembi anawerenga mbiri yeniyeni ya zombo zotere, ndipo zimene anaphunzira anazilowetsa m'mapangidwe a masewero, osati kungozilemba kumapeto ngati zokongoletsa. Asanayambe, wotsogolera amasankha mmene thunthu la chombo linapangidwira. Chikhoza kukhala ngati Fram, chimene Colin Archer anapangira Fridtjof Nansen ndi mimba yobulungira kotero kuti madzi oundana akachifinya chinkakwera pamwamba m'malo mophwanyika, ndipo chinakhala mu ayezi kuyambira 1893 mpaka 1896 n'kutuluka chili bwino. Kapena chikhoza kukhala ngati Endurance cha Ernest Shackleton, chimene chinagwidwa m'nyanja ya Weddell, kufupi ndi Antarctica, mu January 1915, n'kufinyidwa pang'onopang'ono mpaka kumira pa 21 November chaka chomwecho. Ukasankha chombo choyamba, mdani wako ndi nthawi, njala ndi kutopetsana kwa anthu. Ukasankha chachiwiri, usiku uliwonse wotsogolera amaponya dayisi, ndipo ikagwa moipa amatenga pensulo n'kudetsa chipinda chimodzi pa mapu kusonyeza kuti madzi alowamo. Mapuwo anajambulidwa ngati chombo chodulidwa pakati, nsanja zonse zikuoneka, choncho osewera amaona ndi maso awo malo okhala akucheperachepera kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo katundu amene sanamusamutse nthawi yake amapita. Ife tinasewera mtundu wachiwiriwu, ndipo ndi umene ndingalimbikitse aliyense woyamba.

Za anthu a m'chombo alembi anatengera kwambiri zimene zinachitika pa Belgica, chombo chimene chinagwidwa kufupi ndi Antarctica mu 1898 n'kumasuka mu 1899, pamene mdima wautali unasokoneza ena mitu ndipo matenda a scurvy, obwera chifukwa chosowa vitamini C, anafooketsa ambiri mpaka dokotala wawo Frederick Cook anawaumiriza kudya nyama yaiwisi ya zinyama za m'nyanja zotchedwa seal ndi ya mbalame za penguin. M'masewero muno, kuti munthu apewe matendawa ayenera kutsika m'chombo kukasaka mumdima, ndipo aliyense amene watuluka amabwerako atataya mphamvu. Khadi la munthu aliyense lili ndi ntchito yake, chimene amaopa, ndi munthu mmodzi amene amamukhulupirira. Wophika akamwalira, anyamata awiri amene amamukhulupirira amasiya kumvera kaputeni, ndipo kupanduka kumakula motero popanda wotsogolera kukukakamiza. Komabe makadiwa ndi ochuluka mopitirira. Ambiri amafanana, ndipo wotsogolera wathu anathera nthawi akufunafuna khadi pamene nkhani inali itafika pokoma. Akanapatula anthu ochepa olembedwa mokwanira, ena onse n'kuwaika pa tsamba limodzi, zikanayenda bwino.

Nkhani ya matsenga inandidetsa nkhawa ndisanatsegule kabukuka, chifukwa m'malamulo a Dungeons & Dragons muli matsenga oyatsa moto ndi ena opanga chakudya ndi madzi, ndipo wosewera wochenjera akhoza kuthetsa njala ndi kuzizira zonse mwa mawu amodzi. Njira yosavuta ikanakhala kuletsa matsengawo, koma zimenezo zimakwiyitsa osewera amene anasankha kukhala amatsenga. Alembi anawasiya kuti agwire ntchito, koma anaikapo mtengo: kutentha kulikonse kwa matsenga kumamveka pansi pa ayezi, ndipo chilombo chimene chili kumeneko chimayandikira. Motero wamatsenga amasanduka munthu amene anzake amamupempha kwinaku akumuopa, ndipo kusankha pakati pa nyemba ndi matsenga kumakhala mkangano weniweni usiku uliwonse. Ili ndi ganizo labwino kwambiri, ndipo ena olemba masewero otere angaphunzirepo.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi chakuti alembi sanalidalire ganizo lawolo mpaka kumapeto. Pakati pa nkhani chilombo chija chimatulukira poyera, chili ndi chithunzi chake ndi manambala ake, ndipo osewera amamenyana nacho monga amachitira ndi chilombo china chilichonse. Kuyambira pamenepo mantha anatha patebulo pathu. Kugogoda kwa pansi pa chombo, kumene poyamba kunkachititsa anthu kukhala chete osadziwa ngati ndi ayezi kapena china, kunasanduka chizindikiro chakuti tikonze zida. Osewera anayamba kuwerenga mphamvu za chilombo m'malo mowerenga nyemba, ndipo masewero amene anali ndi nkhope yawoyawo anafanana ndi ena onse. Ndikanakonda chilombocho chisaoneke konse mpaka chombo chitatsala pang'ono kumira, kapena chionekere pang'ono chabe, ngati dzanja pa zenera la pansi pamene madzi alowa kale.

Gawo lomaliza nalonso ndi loperewera. Osewera akasiya chombo n'kuyamba ulendo wapansi pa madzi oundana, kabukuka kamapereka masamba ochepa kwambiri, ngati kuti alembi anali atatopa. Koma m'mbiri yeniyeni ulendo umenewu ndi umene unkagamula za moyo ndi imfa. Anthu 129 a John Franklin, amene ananyamuka ku England mu 1845 pa zombo za Erebus ndi Terror, anagwidwa mu ayezi kufupi ndi chilumba cha King William Island, kumpoto kwa Canada, mu September 1846, anasiya zombozo mu April 1848, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Anthu 28 a Shackleton anakhala miyezi pa ayezi woyandama, anafika pa Elephant Island ndi mabwato ang'onoang'ono mu April 1916, ndipo onse anabwerera amoyo. Pakati pa nkhani ziwirizi pali zonse zimene wolemba masewero angafune: kusankha katundu woti akokedwe ndi woti asiyidwe, chochita ndi odwala amene sangayende, ndi ming'alu imene imatseguka usiku pansi pa hema. Kabukuka kakungopereka ndandanda imodzi ya zochitika zosankhidwa ndi dayisi, ndipo nyemba zija, zimene zinanyamula masewero onse, sizigwiranso ntchito kumeneko.

Za kasindikizidwe ndinene mwachidule. Mapepala ndi olimba bwino, koma inki ya mapu ndi yakuda kwambiri m'zipinda za pansi, moti magetsi atazima n'kuyatsa kandulo, manambala a zipinda sankawerengeka. Malamulo analembedwa m'Chingerezi, pamene zowerengera osewera mokweza zili m'Chinyanja chomveka bwino, ndipo zimenezi zinathandiza amene ankasewera koyamba kulowa m'nkhani mosavuta.

Amene akufuna kutsogolera masewero, ndipo ali ndi gulu la anthu anayi kapena asanu okonda kukambirana ndi kutsutsana kuposa kumenya nkhondo, agule kabukuka. Asanaitane anzake, ajambulitsenso mapu mowala, asankhe makadi ochepa a anthu amene adzawagwiritse ntchito, achedwetse chilombo chija kufikira chipinda chomaliza cha pansi chitadetsedwa, ndipo alembe yekha malamulo a ulendo wapansi, nyemba iliyonse yotsala iimire katundu amene munthu ayenera kukoka.