Ndinatumiza mapeya 12 a ma fins ku Ndirande, atsala atatu

Ndabwera kudzapuma kuno ku Ndirande ndipo sabata yamawa ndibwerera ku Joni. Ndati ndilembe izi ndisanakwere basi, chifukwa anyamata awiri andipeza kale pakhomo kundipempha kuti ndiziwatumizira katundu yemweyu amene wandiliza ine.

Ndimagwira ntchito ku Umkomaas, kummwera kwa Durban, kumene alendo amakwera boti kukasambira pansi pa nyanja ku Aliwal Shoal kuti akaone mashaki. Ine sinditsika nawo pansi. Ntchito yanga ndi kunyamula masilinda a mpweya, kutsuka zovala zosambirira ndi kusamala ma fins, zipsepse za mphira zija amavala kumapazi. Zaka zinayi ndili pa ntchito imeneyi, ndiye za katunduyu ndikuzidziwa ndi manja angawa.

Abwana atafuna kusintha katundu wakale, anandiuza pamaso pa anzanga kuti nditenge mapeya 12 pa mtengo wa R200 peya imodzi, azidula pang'onopang'ono pa malipiro. Patatha miyezi itatu ndinawonkhetsa zimene anadula, ndi kupeza R4,200 m'malo mwa R2,400. Nditafunsa anandiyankha kuti mtengo uja unali wa ma fins okha, malamba a kuchidendene ndi R150 pa peya. Kodi nsapato amagulitsa zingwe zake padera? Tinalibe cholemberana, ndipo munthu wobwera ukalimbana kwambiri ntchito imatha. Ndinangomeza malovu.

Maganizo anga anali a ku Cape Maclear. Alendo amapita kumeneko kukaona nsomba za mbuna ku chilumba cha Thumbi ndi ku Otter Point, ndiye ndinkati mng'ono wanga azikabwereketsa ma fins ndi magalasi osambirira, ine ndikamadzabwerera ndidzapeze geni itaima.

Ndinalongedza ndekha. Makatoni awiri aatali, ma fins ogona, lililonse lili ndi kapulasitiki kake mkati polowa phazi. Transipota tinapangana R900, katundu afike pa Wenela m'masiku asanu, ndipo ndinamuuza katatu kuti asasanjikize cholemera pamwamba. Anati "achimwene musadandaule, katundu wanu ndi wanga." Tsiku la 12 foni inalira, akuti ali pa Mwanza, ndimutumizire K60,000 ya kasitomu, apo ayi katundu atsala pa boda. Ndinatumiza. Lisiti sindinalione mpaka lero. Katundu anafika tsiku la 19, ndipo mng'ono wanga atapita kukatenga anamulipiritsanso K15,000, akuti yosungira. Kusunga chiyani, pamene wachedwa ndi iwe mwini?

Makatoni aja sanafike n'komwe. Munthuyu pofuna malo anakhuthula ma fins onse, kuchotsa timapulasitiki kuti alowetsane bwino, kuwapanikiza m'saka ndi kumanga ndi linya. Sakalo linali pansi pa zigubu za mafuta ophikira mu thelela yachitsulo, mwezi wa October, kudutsa ku Tete. Amene munadutsapo ku Tete nthawi imeneyo mukukudziwa kutentha kwake.

Timapulasitiki timeneti anthu amatiyesa zinyalala zolongedzera, ngati mapepala a mu nsapato yatsopano. Ayi ndithu. Polowa phazi ndi pa mphira wofewa, ndipo mphira ukapanikizika uli wotentha umatenga maonekedwe omwewo n'kukhalirira. Kapulasitiki kaja ndi kamene kamatukula pamwamba kuti pasafwamphuke. Polowa phazi pakaphwatalala, munthu akavala pamamufinya pamwamba pa phazi, matuza amatuluka asanasambire ndi theka la ola lomwe. Palibe mlendo angalipire ndalama kuti apweteke mapazi. Kuntchito kwathu ma fins akauma, chinthu choyamba ndi kubwezeramo timapulasitiki, kenako kuwagoneka pa shelefu.

Timene tinatsalira pansi pa saka, mng'ono wanga anapatsa ana kuti aziseweretsa. Sindikumuimba mlandu, wolakwa ndine amene sindinamufotokozere. Iye anachita zimene anaona kuti n'zabwino. Anaimika ma fins chodalira khoma m'kachipinda ka kuseri, nsonga pansi, pafupi ndi chigubu cha palafini, denga la malata lopanda siling'i. Ataona kuti mphira wayamba kutuwa, anapaka Vaseline kuti awale. Zinthu zonsezi ndi zimene zimapha katundu ameneyu: kuimika pa nsonga kumapinda chipsepse, kutentha kumaumitsa mphira, ndipo mafuta alionse ochokera ku petulo, kaya palafini, girizi kapena Vaseline, amaudya. Wofuna kupaka apake mafuta a silikoni basi, akasowa angosiya osapaka kanthu.

Tsiku limene ndinafika ndinatsegula kachipindako masana, mpweya wotentha unandimenya kumaso. Ndinatenga limodzi ndi kudina ndi chala chachikulu pamwamba polowa phazi. Ming'alu inatseguka ngati ya kuchidendene nthawi ya chilimwe. Lina nsonga inali itapindika ngati lilime la galu, lina makoswe anadya lamba mpaka pa chomangira. Ndinakhala pansi pakhonde osalankhula, mayi akundiyang'ana.

Ngati muli nawo kale katunduyu, chitani izi. Akachoka m'madzi mutsukuluze ndi madzi abwino. Ku nyanja yathu kulibe mchere, koma mchenga umatsalira m'zomangira ndi kumapala lamba. Yanikani pamthunzi, osati padzuwa, ndipo aume mkati ndi kunja musanasunge. Bwezeranimo timapulasitiki, tikasowa kulungani nsalu youma kapena nyuzipepala mulowetse mpaka pakhute. Agonekeni pamalo osalala, ozizira, pasakhale cholemera pamwamba, kutali ndi mbaula ndi jenereta. Kunsi kwa bedi m'katoni yotseka kuli bwino kuposa kuseri kwa nyumba. Chipsepse chopindika pang'ono nthawi zina chimawongoka mukachiviika m'madzi otentherako n'kuchigoneka pansi pa thabwa, ine ndapulumutsa awiri motero, koma mphira wong'aluka ndiye wapita.

Munthu mmodzi yekha pa nkhani yonseyi ndi amene anandichitira chilungamo. Mayi wina wonyamula katundu, amene ndinamupatsa mapeya anayi ena patsogolo pake, anatsegula katoni ine ndikuona, nandifunsa kuti timapulasitiki timeneti n'ta chiyani. Nditamufotokozera anati katoniyo ikufunika malo a pamwamba, ndiye mtengo ndi R550, osati R400 imene ndinkaganiza, ndipo ya kasitomu ndidzalipira imene yalembedwa pa lisiti. Ndinaona ngati wakwera. Koma katundu anafika tsiku la 6, katoni ili yomata, lisiti lili pamwamba, osawonjezera ngakhale tambala. Mukamasankha transipota, amene wakuuzani mtengo wokwera poyamba ndi amene mumumvere. Wotchipa uja adzakuimbirani ali pa Mwanza.

Tsopano inu anyamata amene mukulota za Cape Maclear muli pa Ndirande pano, mundimve bwino. Munafikako kodi? Mukudziwa ya mayendedwe kudzera ku Liwonde, Mangochi mpaka Monkey Bay ndi katundu wamtali chonchi? Kumeneko kuli eni dera a ku Chembe amene ali ndi maboti awo, amadziwa pamene pali nsomba, ndipo alendo amawadziwa kale. Malowa alinso m'paki ya Lake Malawi National Park, si poti mungofika ndi saka n'kuyala. Ine ndinagula katundu ndisanapeze munthu wa kunyanja woti azimugwiritsa ntchito, katundu n'kukhala miyezi 14 pansi pa malata, kutali ndi madzi. Musandipemphe kuti ndikutumizireni musanapite kukagwirizana ndi mwini boti, ndiponso musanandionetse pamene muzidzasunga.

Pa mapeya 12 oyamba aja, ovalika atsala atatu. Pamodzi ndi anayi a mayi aja ndawalongedza m'katoni imodzi, ndatchinjiriza ndi nsanza za chitenje polowa phazi, ali kunsi kwa bedi la mayi. Loweruka ndikukwera minibasi ya ku Mangochi ndi mng'ono wanga kukaonana ndi mlamu wathu amene ali ndi boti, akawafuna ndimugulitsa onse.