Mabolodi a foam pa makoma akunja ku Dedza: amafunditsa nyumba, koma amaopa dzuwa

Amene anagonapo ku Dedza m'mwezi wa Juni kapena Julayi sangadabwe kumva kuti munthu wawononga ndalama pofuna kufunditsa nyumba yake. Tauni yathu ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuposa pomwe pali nyanja yamchere, ndipo chiperoni chikatsika m'phiri, khoma la njerwa zowotcha limazizira kotero kuti ukalikhudza m'bandakucha umachotsa dzanja msanga. Kwa zaka zambiri banja langa linkadalira mbaula ndi mabulangete, mpaka mlamu wanga amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg anandiuza za mabolodi a foam amene amamatidwa kunja kwa khoma kenako n'kupakidwa pulasitala. Ndinagula pa sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Lilongwe, ndipo tsopano apirira nyengo ziwiri zozizira, choncho ndikuona kuti ndingathe kunenapo zomwe ndaona.

Amene ndinagula ndi oyera aja, a polystyrene wa timibulu tophatikizana, wofanana ndi amene amatchinjiriza wailesi yakanema kapena firiji m'katoni. Ndinasankha ochindikala masentimita 5. Ndi opepuka moti mwana wa sitandade 3 amanyamula bolodi lonse ndi dzanja limodzi, chifukwa pafupifupi magawo 98 pa 100 alionse ndi mpweya wotsekeredwa m'timibulu timeneti, ndipo mpweya womwewo ndiwo umaletsa kutentha kwa m'nyumba kuthawira kunja. Palinso mtundu wina wolimbirapo, wosalala, umene nthawi zambiri umakhala wa buluu kapena wa pinki ndipo sumwa madzi kwenikweni, koma mtengo wake unandibweza.

Amisiri anamata mabolodiwo m'mwezi wa Ogasiti, kugwiritsa ntchito guluu wosakaniza ndi simenti komanso misomali ya pulasitiki ya mitu yotakata. Ntchitoyo inatha m'masiku ochepa, nyumba n'kumaoneka mbee ngati yakutidwa ndi thonje, anthu odutsa n'kumaima kufunsa. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndalama ya pulasitala inapita ku fizi ya ana, ndipo popeza wogulitsa uja sananditchulirepo kanthu za dzuwa, ndinaganiza kuti chinthu chosawola ndi madzi chingathe kudikira mpaka mvula itayandikira. Mabolodi anakhala pamtetete kuyambira Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Novembala.

Khoma la kumpoto ndilo linayamba kusintha, chifukwa m'miyezi yozizira dzuwa kuno limadutsa chakumpoto ndipo khoma limenelo limawombedwa pafupifupi tsiku lonse. Pofika kumapeto kwa Seputembala linali litasanduka lachikasu ngati nyuzipepala yakale. La kumadzulo linatsatira mu Okutobala, pamene dzuwa la masana limaswa mtengo. Tsiku lina ndinatsamira khomalo ndikuvala nsapato, ndipo nditachoka, malaya anga anali mbuu kumsana. Nditapititsa chikhatho pabolodi, chinatuluka ndi ufa wachikasu wonga mgaiwa, ndipo timibulu tina tinkathothoka ndikangokanda ndi chikhadabo. Khoma la kumwera, limene linali pamthunzi wa khonde, linali loyerabe ndi lolimba monga tsiku limene linamatidwa, zomwe zinandisonyeza kuti mlandu sunali wa mphepo kapena fumbi ayi.

Chimene chimawononga ndi kuwala kosaoneka ndi maso kochokera ku dzuwa kotchedwa UV, kumene kumadula tinthu tolumikizana timene timapanga pulasitiki, pamwamba pake n'kusanduka fumbi. Kuno kumtunda vutoli limakula, popeza mphamvu ya kuwalako imawonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse munthu akakwera mamita 1,000, ndipo kuzizira kwa mphepo ya ku Dedza kumatinamiza kuti dzuwa lathu ndi lofatsa. Chabwino chake n'chakuti kuwonongekako kumayambira pamwamba n'kumalowa pang'onopang'ono. Titadula kachidutswa ndi mpeni, tinapeza kuti mkati munali moyera bwinobwino, ndipo chomwe chinafumbwa chinali chikhungu chopyapyala chabe.

Komabe chikhungu chimenecho n'chokwanira kuwononga ntchito yonse. Amisiri atabwera anapukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, apa tikapaka pulasitala ndiye kuti tikumata pa ufa, mvula yoyamba adzasendeka yense." Anatha masiku awiri akupala makoma awiriwo ndi sandipepa wokhakhala ndi burashi, mpaka poyera pataonekanso, ndipo ndinawalipira ntchito imene sinali m'pangano lathu. Fumbi lake linadzaza bwalo lonse, ndipo timibulu tina tikupezekabe m'dimba mpaka lero, chifukwa sitiwola.

Ndisabise cholakwa china chimene ndinachita ndekha amisiri asanabwere. Nditaona chikasu chija ndinatenga penti wa mafuta amene anatsala popaka zitseko n'kuyesa pakona imodzi, poganiza kuti atchinga dzuwa. Pasanathe nthawi, pamalopo panachita dzenje ngati pagwera khala la moto, chifukwa zosungunulira za mu penti wotere zimasungunula polystyrene, monga mmene amachitira petulo. Penti woyenera ndi wa madzi yekha. Mlamu wanga anandichenjezanso pa foni kuti ndisayerekeze kufunditsa mabolodi ndi pepala la pulasitiki lakuda kapena loonekera mkati, popeza kutentha kumaunjikana pansi pake, ndipo polystyrene amayamba kufewa ndi kupindika kutentha kukapitirira madigiri 75 kapena chapompo. Mphasa zakale zokolekedwa pakhoma zikanagwira bwino ntchito imeneyo, ndipo ndinali nazo zingapo m'nkhokwe.

Nkhuku nazo zinachita mbali yake. Sindikudziwa chimene zimaonamo, koma zinajompha m'munsi mwa mabolodi mpaka pamene mlomo umafika, ndipo mabolodi awiri anayenera kusinthidwa.

Atamaliza kupala, amisiri anapaka pulasitala wopyapyala, n'kumiza mkati mwake ukonde wa fibreglass (ulusi wopangidwa ndi galasi) umene umaletsa ming'alu, kenako anapakanso kachiwiri ndi kumalizira ndi penti wa madzi woyera. Kuchokera pamenepo dzuwa silinawakhudzenso mabolodi, ndipo makoma apirira mvula ziwiri popanda kusendeka, kupatula kamng'alu kamodzi pakona ya zenera pamene ukonde sunalumikizidwe bwino. M'nyumba mwasintha ndithu. Mu Julayi timadzuka osaona nthunzi ikutuluka pakamwa, makala timagula ochepa kusiyana ndi kale, ndipo mu Okutobala chipinda cha kumadzulo sichitenthanso ngati uvuni madzulo. Kuzizira kwina kumalowabe kudzera m'malata ndi m'mazenera, kotero amene alibe siling'i ayambe wakonza kumeneko asanaganize za makoma.

Pa ubwino wa katunduyu ndilibe dandaulo, koma sitolo ija ndiyo sinandikhutiritse, chifukwa munthu wogulitsa chinthu chachilendo chotere amayenera kunena kuti chikutidwe pasanathe milungu yochepa, komanso kuti guluu, ukonde ndi pulasitala zigulidwe pamodzi ndi mabolodi. Khoma lotere silolimba ngati njerwa: njinga itatsamira mwamphamvu imasiya chizindikiro, ndipo mbaula kapena moto wa zinyalala siziyenera kuyandikira, popeza polystyrene amasungunuka ndi kuyaka. Chimene chimandidetsa nkhawa tsopano ndi chiswe, chomwe sichidya foam koma chimaboola njira mkati mwake n'kukwera mosaoneka mpaka ku mitengo ya denga. Amisiri anasiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa nthaka ndi mabolodi, ndipo Loweruka lililonse ndimazungulira nyumba nditawerama, kuyang'ana ngati pa maziko pakwera kanjira ka dothi.