Malo opulumutsira deta pakati pa tauni ya Harare: mbale za hard drive sazisamutsa mwachisawawa

Kwa anzathu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose amene mwasunga zithunzi za ukwati, mabuku a bizinesi kapena mapepala a sukulu pa hard drive imodzi n'kufa, pali malo ena kufupi ndi msewu wa Samora Machel amene ntchito yawo ndi kupulumutsa deta basi. Mbale ndi zinthu zozungulira ngati CD za mkati mwa hard drive, pamene pamalembedwa deta. Munthu akafika n'kunena kuti "ingochotsani mbale zake muziike mu ina", eni malowa savomera msanga, ndipo n'chifukwa chake ndikuwayamikira.

Amayamba n'kumvetsera. Hard drive ikamalira kuti tiki tiki kenako n'kuzima, kawirikawiri yafa ndi mitu yowerengera deta pa mbale, ndiye amasintha mituyo, mbale osazikhudza. Ikangoti zii, n'kumamveka fungo lopserera, amaona bodi ya zamagetsi ya pansi pa hard drive. Ma diode a TVS a pa 5V ndi 12V, tizida toteteza bodiyo, amapsa magetsi akabwera mwamphamvu atazima kwa maola, zomwe kuno si zachilendo. Bodi akasintha amasamutsanso kachip kosunga zinthu kotchedwa ROM, ka miyendo 8, chifukwa muli miyeso ya hard drive yokhayo. Ikamang'ung'udza osazungulira, pali ziwiri: mitu yakakamira pa mbale, monga zimachitikira ma Seagate ST1000LM035 a m'malaputopu akagwa, kapena mota yagwira, kutanthauza kuti yalimba moti singazungulire. Mota ikagwira mpamene amasamutsa mbale, popeza motayo inamangidwira m'thupi la hard drive ndipo siichoka payokha.

Potsegula amagwiritsa ntchito benchi yokhala ndi sefa ya HEPA yokola fumbi, imene imakankha mpweya woyera mbali imodzi. Amailiza kaye kanthawi asanamasule chilichonse. Izi si zamanyado. Mbale imazungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndipo mutu umauluka pamwamba pake pa mpata wa ma nanomita ochepa chabe, wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi, moti kafumbi kamodzi kosaoneka ndi maso n'kokwanira kukanda mzere wonse wa deta. Amavala magolovesi opanda ufa ndi lamba wa pamkono woteteza ku magetsi a m'thupi. Masikuluwu a Torx, kuphatikizapo obisika pansi pa pepala la pamwamba, amawandandalika motsatana ndi pamene awachotsa.

Pamene ndaonera luso lawo ndi pa hard drive ya mbale ziwiri kapena zitatu. Ya mbale imodzi ili ndi chifundo pang'ono. Koma zikakhala zingapo, ziyenera kuchoka ngati mtolo umodzi, osasuntha n'komwe, chifukwa zizindikiro za servo, zolembedwa pa mbale kuti zizilondolera mitu, n'zogwirizana pa mbale zonsezo. Imodzi ikangopotoka pang'ono poyerekeza ndi inzake, hard drive imalephera kupeza malo ake posintha mutu, ndipo kubwezeretsa ndi maso sikutheka. Iwo amayamba kulowetsa kachipeso ka pulasitiki pakati pa mitu kuti isagundane, n'kuichotsa yonse. Kenako amapana mbale zonse m'mphepete ndi chida chogwirira, asanamasule mphete ya pamwamba. Akamasula m'pamene amanyamula mtolowo molunjika, n'kuukhazika pa mota ya hard drive yabwino imene aichotsa kale mbale zake. Pomanga mphete sayenda mozungulira ayi: amamanga sikuluwu ina, n'kudumphira yoyang'anana nayo, pang'onopang'ono, kuti mbale zikhale pakati penipeni. Zikapendekeka, mizere imavina pozungulira ndipo mutu umalephera kuitsatira.

Ena amamata mbalezo ndi tepi m'mbali. Njirayi ilipo, ena imawayendera, koma guluu akatsalira kapena tepi akatamuka zonse zapita. Pano sachita zimenezo. Mbale za magalasi, zimene zimapezeka m'ma hard drive ambiri a 2.5 inchi, amazigwira mosamala kwambiri, popeza izo sizipindika ngati za aluminiyamu, zimangosweka.

Akatseka, salumikiza hard drive ku Windows. Amaiika pa makina apadera opulumutsira deta a PC-3000 n'kukopera sekita ndi sekita (kagawo ndi kagawo ka deta), mutu umodzi pa nthawi, kuyambira malo osavuta. Malo ovuta amawadumpha n'kudzawabwerera pomaliza. Akudziwa kuti hard drive yosamutsidwa mbale imakhala ndi moyo waufupi, mwina wongokwanira kuwerengedwa kamodzi. Mafayilo amawatulutsa pa chokoperacho, osati pa yodwalayo. Musanalipire ndalama zomaliza amakuonetsani mndandanda wa zimene zapezeka n'kukulolani kutsegula zingapo. Musangoona mayina a mafayilo n'kusangalala. Tsegulani zithunzi zazikulu ndi mavidiyo, chifukwa fayilo itha kuoneka pa mndandanda koma mkati ili yoduka.

Zodandaulitsa zilipo. Choyamba ndi kudikira. Hard drive yopereka zida, yabwino ija imene amachotsako mitu kapena kuikamo mbale zanu, iyenera kufanana ndi yanu osati pa dzina lokha: pa za kampani ya Western Digital amayang'ananso DCM (malembo osonyeza zida za mkati) ndi tsiku lopangidwa, pa za Seagate nambala ya zida, firmware (pulogalamu ya mkati yoyendetsa hard drive) ndi malo amene inapangidwira. Alibe nkhokwe yaikulu ya zoterezi, moti ikasowa amaitanitsa ku Johannesburg, ndipo sakuimbirani kukuuzani pamene zafika pokhapokha mufunse nokha. Chachiwiri, mtengo amautchula pakamwa, m'madola a ku America, osafotokoza ngati hard drive yopereka zidayo yawerengeredwa momwemo kapena ngati ndalama yake imabwezedwa ntchito ikakanika. Umirirani kuti akulembereni zimenezi papepala musanasiye katundu wanu. Funsaninso kuti deta yanu aifufuta liti pa makina awo, chifukwa paokha satchula.

Ma hard drive aakulu odzazidwa ndi mpweya wa helium amakana kuwatsegula, ndipo amanena poyera kuti alibe zida zake. Yotsegulidwa kale kunyumba amailandira, koma amakuchenjezani kuti mwayi wachepa, makamaka ngati pa mbale pali zidindo za zala kapena mphete yokandika. Pamalo pokandika deta yasanduka fumbi, palibe angaibweze.

Popita kumeneko tengani hard drive ina yopanda kanthu, yokula mokwanira kulandira mafayilo anu. Yodwalayo musaiyatsenso kuti mumve ngati ikulirabe, musaimenye, ndipo musaiike mufiriji monga amanenera ena, chifukwa chinyezi chimakakhala pa mbale. Ikulungeni m'kathumba koteteza magetsi, muiike m'katoni yothina bwino kuti isagubuduke mu kombi, ndipo muwauze zoona ngati inagwa ikuzungulira kapena itazima.